Kalata kwa Bwanamkubwa wa Boma la Nkhotakota: Za Chikumbutso cha Jumbe

Bwana DC,

Ndikulemberani poyera, monga mbadwa ya kuno ku Linga, za munthu amene mbiri imamutenga kuti ndiye anayambitsa tauni yathu, Salim bin Abdullah, yemwe tonsefe timamudziwa ndi dzina laudindo la Jumbe. Pempho langa ndi lakuti khonsolo yanu itsogolere ntchito yomanga chikumbutso m'mbali mwa nyanja, koma chikhale chonena mbiri yonse ya momwe tauni ino inakhalira, osati chongotamanda munthu mmodzi.

Palibe angatsutse kuti Nkhotakota inatchuka chifukwa cha iyeyu. Anafika kuno cha m'ma 1840 kuchokera ku gombe la nyanja yamchere, mbali ya ku Zanzibar, ndipo anakhazikika pakati pa Achewa a m'dera la Malengachanzi, amene anawapeza akulima ndi kuwedza m'mphepete mwa nyanjayi. Iye ndi a Jumbe amene anamulowa m'malo anakhoma zombo zamatanga zowolokera kutsidya, anakulitsa ulimi wa mpunga umene mpaka lero umadyetsa ndi kuphunzitsa ana a boma lino, ndiponso anazika Chisilamu chimene chili chipembedzo cha mabanja ambiri kuno. Mudzi wawo unakula nkukhala umodzi mwa midzi yaikulu kwambiri m'chigawo chino cha Africa pa nthawiyo. Zimenezi ndi zoona ndipo ziyenera kulembedwa pa chikumbutsocho mopanda manyazi.

Koma zombo zija sizinkanyamula minyanga ya njovu yokha. Zinkanyamulanso anthu. Amuna, akazi ndi ana ogwidwa kumtunda, mbali ya ku Kasungu ndi kupitirira, ankawatsitsira kuno atamangidwa m'magoli, nkuwasunga kufikira atakwana gulu, kenaka nkuwaolotsa nyanja kuti akayambe ulendo wapansi wa miyezi yopita ku Kilwa, pa gombe la nyanja yamchere, kumene opulumuka ankagulitsidwa. Ambiri ankafera m'njira chifukwa cha njala, matenda ndi nkhanza. Chuma chimene chinamanga tauni ino chinachokera pa misozi ya anthu amenewa, ndipo chipilala chimene chingatchule mpunga ndi zombo nkusiya magoli chidzakhala chonama kwa ana athu.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yolemera kwa ife, Bwana, ndi chakuti zidzukulu za mbali zonse zili pompano. Amene makolo awo anabwera ndi Jumbe, amene makolo awo anamupatsa malo, amene makolo awo anagwira ntchito m'zombo zake, ndi amene abale awo anawolotsedwa osabwereranso, onsewa lero amagulitsa pa msika umodzi, amakwatirana, ndipo amalirana maliro. Ndi chifukwa chake akuluakulu ena safuna kuti nkhani ya ukapolo izitchulidwa kawirikawiri, poopa kuti ingautse chidani pakati pa anthu amene akhala mwamtendere kwa mibadwo ingapo. Mantha amenewa ndimawamvetsa ndipo sindiwapeputsa. Komabe ndikuona kuti kukhala chete n'kumene kumapereka mpata kwa anthu ofuna kukankhira tchimo la malonda aja pa chipembedzo chimodzi kapena mtundu umodzi, pamene zoona zake n'zakuti mafumu ndi amalonda a mitundu yosiyanasiyana anatengako mbali pofuna mfuti, nsalu ndi mikanda. Mawu olembedwa mosamala, ogwirizanidwa ndi onse, angateteze abale athu Achisilamu ku miseche yotere kuposa momwe kubisa kungachitire.

Pa chifukwa chomwecho ndikupempha kuti chikumbutsocho chisakhale chosema cha nkhope ya munthu. Asilamu ambiri savomereza zosema zotere, kotero kuimika fano la Jumbe kungakhumudwitse anthu omwewo amene ali ndi ubale wapafupi naye, komanso kungapweteke mabanja amene dzinalo limawakumbutsa zowawa. Khoma lamiyala loyang'ana kunyanja, lokhala ndi mawu ofotokoza mbiri, likwanira. Mawuwo ayambe m'Chichewa, Chingerezi chibwere pambuyo, chifukwa eni mbiriyi ndi asodzi, alimi ndi ana asukulu a kuno, ndipo mlendo wochokera kunja abwere kudzawerenga chimene eni ake akuchidziwa kale.

Alendo akafika kuno timathamangira kuwaonetsa mkuyu wa pafupi ndi chipatala cha St Anne's, umene umakumbutsa kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe. Livingstone anafika kuno koyamba mu 1861 ndipo anaona yekha malondawo, koma kudandaula kwake sikunawathetse. Malondawo anapitirira kufikira nthawi ya Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, amene anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo mu 1889, ndipo ufumu wa a Jumbe unatha pakati pa zaka za m'ma 1890 pamene womaliza anachotsedwa nkutumizidwa ku Zanzibar. Tilinso ndi manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 nkuikidwa pa tchalitchi cha All Saints. Mukaona bwino, mlendo amachoka kuno atamva mayina a azungu, a Jumbe ndi a mafumu, koma anthu zikwizikwi amene anadutsa pa gombe lino ali m'magoli alibe ngakhale mwala umodzi wowakumbukira pamalo pamene anakwerera zombo. Kusiyana kumeneku ndiko kumandiwawa kwambiri.

Ntchitoyi siyoyambira pachabe. Njira za akapolo za m'Malawi pamodzi ndi njira ya Livingstone zinalembedwa mu 2011 pa mndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo oyembekezera kuzindikiridwa kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo Nkhotakota ili m'gulu la malo otchulidwawo. Choncho muli ndi poyambira pokambirana ndi dipatimenti ya boma yoona za zipilala ndi zinthu zakale, imene ili ndi akatswiri otha kutsimikizira malo enieni ndi zaka zoyenera kulembedwa.

Musanaitane mmisiri aliyense, ndikupempha kuti muitanitse msonkhano wa mafumu motsogozedwa ndi a Malengachanzi, mashehe, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi a mbiri, ndi nkhalamba zimene zikusungabe nkhani zomwe zinamva kwa agogo awo. Nkhalambazi zikutha, ndipo zimene zikudziwa zijambulidwe ndi kulembedwa chaka chino. Pa msonkhano womwewo pagwirizanidwe za amene azidzalambula ndi kusamala malowo, ndiponso ndalama yake ilowe mu bajeti ya khonsolo kuyambira pachiyambi, kuti udindowo usadzagwere anthu ongodzipereka okha.

Ndidzathokoza mukayankha kalatayi poyera, ndi kutiuza tsiku limene nkhaniyi ingakambidwe pa msonkhano wa khonsolo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Linga, Nkhotakota