Chilengezo kwa mamembala ogwira ntchito m'mafamu ndi m'mapuloti

Abale ndi alongo a ku Muldersdrift, Lanseria ndi madera ena ozungulira Johannesburg, tikukumbutsani za kuteteza katundu. Akuba amakonda pampu ya pachitsime, mota ya pageti, mabatire, masola, mawaya a kopa ndi dizilo, chifukwa sizivuta kugulitsa.

Lembani nambala ya chasisi ya thirakitala ndi manambala a pampu ndi jenereta, muzijambulenso pafoni. Popanda manambalawo, ngakhale apolisi atapeza katunduyo, kutsimikiza mwini wake kumavuta, ndipo chala chimayamba kuloza wantchito.

Madzulo thirakitala ilowe m'shedi, kiyi muchotse, batire mulimasule. Pampu muiwotcherere khola lachitsulo. Loko ikhale yozungulira ija yobisa khosi, pakuti loko wamba akuba amaidula ndi chodulira mabawuti. Magetsi akazima nthawi yaitali, batire la mpanda wamagetsi limatha mphamvu, choncho liyeseni mwezi uliwonse ndipo dulani udzu wokhudza mawaya.

Mukamva phokoso usiku musatuluke nokha. Imbirani apolisi pa 10111, dziwitsaninso abwana. Wina akakutsatsani jenereta yotchipa yopanda risiti, kanani. Mlandu umagwera amene wapezeka nayo.

Akomiti