Mafuta a ku Senga Bay amapezeka, a ambulansi ayi

Akonzi,

Ndiloleni nditulutse zakukhosi m'nyuzipepala yanu, chifukwa zimene ndinaona sabata yatha zikundisowetsa tulo. Mdzukulu wanga anatentha thupi usiku wonse, ndipo kutacha tinathamangira naye kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno. Atamubaya pachala anati ndi malungo, koma mankhwala a LA anatha. Mwana uja atayamba kukomoka anatiuza kuti tipite kuchipatala chachikulu. Ambulansi inalipo, itaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, koma inalibe mafuta. Adokotala aja sindikuwaimba mlandu, ankaoneka kuti nawonso zawakwana. Tinabwereka ndalama kwa mnansi n'kukwera njinga zamoto, mwana ali kumsana kwa mayi ake, mutu uli lende.

Titafika pa Kamuzu Road tinapeza mdipiti wa galimoto zazitali zija za nambala ya MG, zochokera ku Lilongwe, zikuthamangira kunyanja. Zimene ndinatha kuona mkati munali dalaivala ndi bwana mmodzi kumbuyo, basi. Mnyamata wa kabaza anapatukira pambali n'kundiuza kuti, "Awa ndi a msonkhano, agogo, abwerera Lachisanu." Mafuta a galimoto imodzi yokha mwa zimenezo akanayendetsa ambulansi yathu maulendo angati?

Ife a ku Salima zimenezi timaziona chaka chonse. Anthu amene maofesi awo ayandikana khomo ndi khomo ku Capital Hill amanyamukana kudzakambirana ku Senga Bay, ngati kuti ku Lilongwe kulibe chipinda chokhala ndi mipando. Chifukwa chake ngakhale mwana wa pulayimale akuchidziwa. Ndi maalawansi. Akatuluka mu mzinda amasaina ndalama yogonera, ya chakudya ndi ya mafuta. Tsiku lotsegulira holo imadzaza, mawa lake theka ali pamchenga kapena akusaka chambo chokaika m'galimoto, koma papepala losainira sipasowa dzina. Kumeneku ndi kuba, ngakhale kuli ndi malisiti ndi chidindo cha boma. Ena adzati mahotela alemba ntchito ana athu. Inde, koma mwana amene akuyala bedi la bwanayo ndi yemweyo amene mayi ake akadwala amauzidwa kuti akagule mankhwala kufamase.

Kangapo tamva pa wailesi kuti boma laletsa misonkhano ya kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama. Nanga galimoto zimene ndinaona ine zinkapita kumaliro?

Tisanamizane kuti ndi chipani chakutichakuti, onse atidyera. Mu 2013 tinamva za Cashgate a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ya boma, atawomberedwa, ndipo ofufuza anapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zinasololedwa polipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Mayiko otithandiza anasiya kuthira ndalama mu bajeti, ndipo anavutika ndi ife m'zipatala ndi m'masukulu, osati amene anamanga nyumba zosanja. Mu 2021 tinauzidwa za K6.2 biliyoni ya Covid-19. Anthu akufa posowa mpweya, ndalama zambiri zinathera m'maalawansi omwewa, mpaka nduna ina inachotsedwa ntchito. Mu 2022, K750 miliyoni ya feteleza wotsika mtengo wa AIP inalipiridwa ku kampani yogulitsa nyama ku Britain, pamene alimi tinkagona pamizere kudikira thumba limodzi. Munthu wophunzira, wa tayi pakhosi, angapite kubutchala kukagula feteleza mosadziwa?

Ndipo akuluakulu enieniwo milandu yawo simatha. Wa a Bakili Muluzi wa K1.7 biliyoni unakhala m'khoti zaka zoposa khumi mpaka unathetsedwa mu 2023 popanda chigamulo choti tidziwe zoona zake. Mayi Martha Chizuma, amene ankatsogolera bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, ndi amene anadzamangidwa m'bandakucha mu Disembala 2022. Koma mnyamata akaba mbuzi kwathu kuno, sabata siitha asanalowe m'ndende. Tinapatsa afisi ntchito yolondera khola, ndiye tikudabwa chiyani?

Ndalama zimenezi ndi zathu. Ndikagula sopo, shuga kapena mayunitsi, msonkho ndalipira. Mayi wogulitsa usipa pamsika amadula tikiti tsiku lililonse, agulitse asagulitse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinauzidwa kuti timange malamba, ndipo tinamangadi, ena mpaka kumadya kamodzi patsiku. Amene ankatiuzawo tikawaona pa kanema masaya akungonka nasalala. Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino limanena momveka kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo olamulira angosungitsidwa mphamvuzo kuti atumikire ife. Analumbira atagwira Baibulo kapena Korani kuti adzatsata zimenezo. Amene sanaonepo zotsatira za kuba kumeneku ayende msewu wa M5 kulowera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa nthawi ya dzinja, aone mmene wodwala amagwedezekera pamsana pa lole. Mafumu athu nawonso andikhumudwitsa, akapatsidwa kaenvelopu pamsonkhano amangoyamika chitukuko chimene palibe anachiona.

Pempho langa ndi ili. Mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma ndi a ACB asadikire lipoti la zaka zitatu zikubwerazi. Abwere ku Senga Bay Lachitatu lililonse, awerenge mitu ya anthu amene ali mu holo, afananitse ndi mayina amene asaina. Wopezeka wasaina ali kwina abweze ndalama ndipo dzina lake lilembedwe m'nyuzipepala. Phungu wathu akafunse ku Nyumba ya Malamulo kuti chaka chathachi misonkhano ya kunyanja inadya ndalama zingati, ndipo mafuta a maambulansi a boma la Salima anapatsidwa zingati. Inunso atolankhani muli ndi lamulo lokulolani kupempha zikalata za boma, lija linayamba kugwira ntchito mu 2020. Pitani mukazipemphe, mutisindikizire manambalawo tiwaone.

Gogo wokwiya,
Salima