Mwana wa mtima wakumanja sanalodzedwe ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ana amene amabadwa ziwalo zam'kati zitasinthana mbali, mtima kumanja chiwindi kumanzere. Kwathu kuno ku Kawale anthu akangomva zimenezi basi ayamba kunong'onezana zaufiti, chonsecho madokotala anazidziwa kalekale, amati situs inversus ndipo zimaonekera mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 10,000. Ambiri amakula mpaka kukalamba osadziwa n'komwe.

Amene akundimvetsa chisoni ine ndi aja ali ndi vuto lachiwiri. Mu njira zathu zopumira muli timaubweya tosaoneka ndi maso timene timasesa makhololo ndi fumbi kuzikankhira kunja usana ndi usiku, ndiye ena amabadwa timaubweyati tisakugwedezeka bwino, makhololo amangokhazikika m'mapapomo majeremusi n'kupezapo pokhala mpaka mapapo kuonongeka. Matendawa amati PCD ndipo pafupifupi theka la odwala ake mtima umakhala kumanja, chifukwa timaubweya tamtundu womwewu ndi timene timalozera ziwalo mbali yake mwana akamaumbika m'mimba. Dokotala wina wa ku Zurich, Manes Kartagener, analemba za odwala oterewa mu 1933, koma mpaka lero kuno timangoti chimfine.

Mwana wa achemwali anga wakhala akukhosomola makhololo chibadwire, mamina osauma ngakhale nyengo yotentha, khutu mafinya pafupipafupi. Anamumwetsa mankhwala a TB miyezi 6 yonse pomwe makhololo sanaonetse TB, osasintha, ndipo X-ray itaonetsa mtima kumanja wina anangoti mwina ajambula mozondoka eti. Zinandiwawa kwambiri. Kodi kumvetsera pachifuwa mbali zonse ziwiri kumafuna ndalama zingati?

China ndi ichi, apongozi asamaloze chala mayi yekha. Mwana amadwala PCD akatengera mbali zonse, kwa bambo ndi kwa mayi, onse awiri akuoneka athanzi, ndipo pa mimba iliyonse mpata ndi umodzi pa inayi. Anyamata ambiri odwala matendawa akakula amavutikanso kubereka chifukwa mbewu yawo siyenda bwino, ndiye taganizani azimayi angati akunyozedwa m'mabanjamu popanda chifukwa.

Mankhwala ochiziratu kulibe, komabe kumugogoda mwana pamsana tsiku ndi tsiku monga amaphunzitsira a physio kuti makhololo atuluke, katemera, maantibayotiki msanga akayamba kudwala, komanso kumutalikitsa ku utsi wa mbaula ndi fodya zimateteza mapapo kwambiri.

A Unduna wa Zaumoyo chonde phunzitsani achipatala athu a m'ma health centre za matendawa, ndipo akapeza mtima kumanja azilemba ndi zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba la buku lakuchipatala, chifukwa munthu wotere apendikisi ikatupa ululu ukhoza kumveka kumanzere ndipo akhoza kumubweza ndi panado.

Mayi wokhudzidwa,
Kawale, Lilongwe