Opportunity sinatsanzike ndi mawu

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani ya Opportunity, galimoto ya loboti ya bungwe la NASA la ku America imene inayendayenda pa pulaneti ya Mars kuyambira mu 2004. Pa 13 February 2019 akuluakulu a bungweli analengeza ku Pasadena, m'chigawo cha California, kuti ntchito ya galimotoyi yatha, atayesa kuitumizira mauthenga oposa 1,000 popanda yankho. Chandikakamiza kulemba ndi mawu amene afala pa intaneti, onena kuti isanakhale chete inadandaula kuti batire lake latsala pang'ono kutha ndipo kunja kukuda. Anthu ambiri agwidwa nawo chisoni mawuwa, koma Opportunity sinkatumiza ziganizo. Zimene zinafika pa 10 June 2018 zinali manambala osonyeza mphamvu yotsala m'batire ndi kuchuluka kwa fumbi mumlengalenga, ndipo mtolankhani wina wa ku America ndiye anawaika m'mawu a munthu. Sindikumuimba mlandu, chifukwa anangofuna kuti anthu wamba amve, koma nkhawa yanga ndi yakuti chiganizo chokomachi chaphimba nkhani yeniyeni, imene ili ya anthu amene anasamalira makina amenewa kwa zaka zoposa 14 popanda kuwakhudza ngakhale kamodzi.

Opportunity inatera pa 25 January 2004 pachigwa chotchedwa Meridiani Planum, patangopita milungu itatu kuchokera pamene inzake, Spirit, inatera m'chidzenje cha Gusev, mbali ina ya pulanetiyi. Zonse ziwiri anazikonzera ntchito ya masiku 90 a ku Mars, kumene tsiku limodzi limatalika ndi mphindi pafupifupi 40 kuposa lathu. Mainjiniya ankayembekezera kuti fumbi lidzaunjikana pa mapanelo a sola mpaka magetsi kuchepa. Apa mwayi unagwiradi ntchito, chifukwa mphepo ya ku Mars inkabwera nthawi ndi nthawi n'kusesa fumbilo. Koma amene amanena kuti moyo wautali wa galimotoyi unali mwayi wokhawokha sanatsatire bwino mbiri yake.

M'masiku oyambirira enieni, chipangizo chotenthetsa pamfundo ya mkono wake chinakana kuzima ndipo chinkadya magetsi usiku wonse, choncho oyendetsa anaiphunzitsa kuzimitsa pafupifupi chilichonse usiku kuti batire lisathe. Mu April 2005 inatitimira mumchenga wofewa, ndipo mainjiniya a ku Jet Propulsion Laboratory, malo a NASA amene ankaiyendetsa, anayamba ayesera njira zosiyanasiyana pa galimoto yofanana nayo mumchenga umene anaukonza padziko pano, kenako n'kuitulutsa pang'onopang'ono kwa milungu pafupifupi isanu. Gudumu limodzi lakutsogolo litayamba kuvuta, ankaiyendetsa chambuyo maulendo ataliatali. Nyengo yozizira ikafika ankaiimika pamalo otsetsereka oyang'ana kumpoto kuti mapanelo alandire dzuwa lochuluka. Itakalamba inayamba kuiwala zimene yasunga, ndipo anasintha kachitidwe kuti izitumiza zonse zimene yapeza tsiku lomwelo isanagone. Zonsezi zinkachitika pa mtunda umene uthenga wa wailesi umatenga mphindi zingapo, nthawi zina zoposa 20, kuti ufike, kutanthauza kuti palibe amene akanatha kuponda buleki ataona ngozi. Spirit inakumana ndi msampha wofananawo mu 2009 koma sinatulukemo, ndipo inamveka komaliza mu March 2010.

Zimene Opportunity inapeza n'zimene ndikanakonda kuti owerenga azikumbukira. Inatera mwangozi m'kadzenje kakang'ono kotchedwa Eagle, mmene miyala ya pansi inali poyera, ndipo pomwepo inaona timibulu ting'onoting'ono ta mwala wa hematite, umene kawirikawiri umapangika pamene pali madzi. Gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Steve Squyres wa ku yunivesite ya Cornell linatsimikiza kuti malowo ananyowapo kalekale, ngakhale kuti madzi ake anali amchere komanso a asidi wambiri. Mu January 2005 inapeza mwala wachitsulo wogwa kuchokera mumlengalenga, woyamba kudziwika pa pulaneti ina. Itamaliza zaka ziwiri pa chidzenje cha Victoria, gululo linasankha chinthu chimene ena akanachiona ngati kutchova juga, kuitumiza ku Endeavour, chidzenje chotambalala makilomita 22, ulendo umene unatenga pafupifupi zaka zitatu. Inafika mu August 2011, ndipo kumeneko inapeza mizere yopyapyala ya mwala woyera wa gypsum m'miyala ina komanso dongo losonyeza kuti kunali madzi opanda asidi wambiri, amene zamoyo zing'onozing'ono zikanatha kukhalamo. Ndinene momveka kuti Opportunity sinapeze zamoyo ndipo inalibe zipangizo zofufuzira zamoyo. Inangosonyeza kuti Mars youma imene tikuiona lero sinali choncho kuyambira kale, ndipo zimenezi pazokha si nkhani yaing'ono.

Yonse pamodzi inayenda makilomita 45, kuposa makilomita 39 amene galimoto ya loboti ya Lunokhod 2 ya Soviet Union inayenda pamwezi mu 1973. Munthu wathanzi angayende mtunda umenewu tsiku limodzi, koma iyo inkaima pafupifupi pa mwala uliwonse wooneka mwachilendo kuti iuyeze.

Chimene chinaithetsa ndi chimphepo cha fumbi chimene chinayamba kumapeto kwa May 2018 n'kukuta pulaneti yonse, mpaka masana kukhala ngati usiku. Popanda dzuwa batire linatha, ndipo popanda magetsi panalibe chotenthetsa zipangizo zake m'kuzizira koopsa kwa ku Mars. Curiosity, galimoto ina ya NASA imene inatera mu 2012 m'chidzenje cha Gale, inapyola chimphepo chomwecho bwinobwino chifukwa magetsi ake amachokera ku kutentha kwa plutonium, chitsulo cha nyukiliya. Ena afunsa chifukwa chake NASA inadikira miyezi isanu ndi itatu isanavomereze kuti zatha. Ine ndikuona kuti anachita bwino, popeza ankadikira nyengo ya mphepo imene m'zaka zam'mbuyo inkasesa mapanelo, ndipo nyengoyo itadutsa popanda yankho panalibenso chifukwa chopitirizira.

Pempho langa ndi lakuti mukamalembanso nkhaniyi muonetse owerenga zithunzi zimene Opportunity inajambula, zomwe ndi zoposa 200,000 ndipo NASA inaziika poyera kuti aliyense azione. Chilipo chimodzi chimene sichinajambulidwe ndi iyo: mu September 2018, fumbi litayamba kuchepa, chombo cha Mars Reconnaissance Orbiter chinaijambula kuchokera kumwamba, ikuoneka ngati kadontho pamtsetse wa Perseverance Valley, kumadzulo kwa Endeavour, pamene inaima.

Ndine wowerenga wanu wa masiku onse.