Scrooge atalapa anakweza malipiro a kalaliki wake

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule za munthu wa m'buku amene wandisowetsa mtendere sabata ino. Mdzukulu wanga wabwera kutchuthi ndi buku la Charles Dickens lotchedwa A Christmas Carol, lomwe linatuluka ku London mu Disembala 1843, ndipo takhala tikuwerengera limodzi pakhonde madzulo mvula ikamagwa. Ndinaliwerengapo kale ndili pa ntchito ya uphunzitsi, koma ulendo uno landilasa mtima.

Ambiri amene anamvapo za Ebenezer Scrooge amangoti anali kaligwiritsa. N'zoona. Kalaliki wake, Bob Cratchit, ankaotha kamoto kooneka ngati khala limodzi m'nyengo yachisanu, chifukwa bokosi la malasha bwanayo ankalisunga m'chipinda chake. Malipiro anali masheleni 15 pa sabata, kunyumba kuli mkazi ndi ana 6, wamng'ono Tim ali wodwaladwala, woyendera ndodo.

Koma kuuma manja sindiko kunali nthenda yeniyeni ya mkuluyu. Nthenda yake inali yoti chuma chinamutseka m'maso, munthu n'kumamuona ngati nambala ya m'kaundula. Abambo awiri atabwera kudzapempha thandizo la osauka, iye anawafunsa ngati ndende ndi nyumba zogwiritsiramo ntchito amphawi zinatsekedwa. Atamuuza kuti ena angalole kufa kusiyana n'kupita kumeneko, anayankha kuti afe basi, anthu achepeko. Dickens sankalemba zongomva. Bambo ake anamangidwa chifukwa cha ngongole mu 1824, iye ali ndi zaka 12 n'kumagwira ntchito pafakitale ya polishi wa nsapato.

Pamene mdzukulu wanga anaimitsa kuwerenga n'kundiyang'ana ndi pa nkhani ya Fred. Fred ndi mwana wa mlongo wake wa Scrooge. Mwachikhalidwe chathu kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja, Scrooge ndi malume ake enieni, mwini mbumba, woyenera kukhala patsogolo pa ukwati ndi pa maliro. Koma mphwakeyo atabwera kudzamuitanira kuchakudya cha Khirisimasi, anamupitikitsa ngati wopemphetsa. Mdzukulu wanga anandifunsa kuti, "Agogo, malume angachite zimenezi?" Ndinakhala chete, chifukwa ndikuwadziwa amalume amene anagulitsa munda wa mbumba n'kukagula galimoto, ana a alongo awo akupita kukathyola tiyi ndi dengu kumsana kuti apeze ya ufa.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Mwana wa mnansi wanga amagwira ntchito m'golosale ya munthu wina wopeza bwino. Amatsekula mbandakucha, amatseka kutada, Lamulungu ndi momwemo. Paketi ya shuga ikang'ambika, amamudula pamalipiro. Mayi ake atagonekedwa m'chipatala anapempha masiku awiri, anamuuza kuti ofuna ntchito ndi ambiri panja. Ndinamuona ndi maso anga masana ena atakhala kuseri kwa kauntala, akudya chigumu chouma mobisa, diso lili pakhomo kuopa bwana. Bwana yemweyo Khirisimasi ikafika amanyamula sopo, mchere ndi mafuta ophikira kukagawa kwa okalamba, zithunzi n'kudzaza pa Facebook.

Sindikunyoza kupereka. Gogo amene walandira sopo wathandizikadi. Koma m'bukuli muli ndondomeko imene timaidumpha. Scrooge atayenderedwa ndi mizimu itatu imene inamuonetsa moyo wake wakale, wa panthawiyo ndi wam'tsogolo n'kusinthika, anatumiza nkhukundembo yaikulu kwa Cratchit osadzitchula dzina. Kutacha tsiku lotsatira analawirira kuofesi, namuuza kalalikiyo kuti akumukwezera malipiro, athandiza banja lake, ndipo akagule chotengera china cha malasha asanalembe kanthu. Mphatso inapita mwakachetechete, koma kulapa kwake kunaonekera pamalipiro, pamene wantchito amadalira mwezi ndi mwezi.

Akatapila nawonso ndisawasiye. Tsiku lamalipiro amakhala atadikirira kale, ena atasunga makhadi a kubanki a anthu. Munthu wathyola tiyi mwezi wonse mvula ikumuthera pathupi, ndalama n'kuthera m'manja mwa wina asanagule n'komwe mchere. Mnzake wa Scrooge pabizinesi, Jacob Marley, anabwera ngati mzukwa patatha zaka 7 chimwalirire, akukoka unyolo wopangidwa ndi mabokosi a ndalama, makiyi, maloko ndi mabuku a ngongole, ndipo ananena kuti anausula yekha ali moyo. Ndikaona kope la ngongole lili m'khwapa mwa wakatapila, unyolo umenewo ndi umene umandibwerera m'maganizo.

Pempho langa likupita kwa abusa, mafumu ndi atolankhani amene mumaitanidwa kukachitira umboni pogawa mphatso. Landirani mphatsozo, koma mufunsenso woperekayo kuti mlonda wa pageti pake amalandira zingati, ndipo wantchito wa m'nyumba mwake anapuma liti. Mtsikana uja mayi ake anatuluka m'chipatala iye asanakawaone ngakhale kamodzi, ndipo pamene ndikulemba pano ali kuseri kwa kauntala komweko.

Mphunzitsi wopuma,
Luchenza, Thyolo