Lipoti la ku boma, makamaka nkhani ya rauta yathu ija

Atcheya, amayi asungichuma, alembi ndi nonse a mu kalabu, ndabwerako kuja munandituma. Ndatsika pa mphambano ya Bembeke kutada kale, chisanu cha Juni mukuchidziwa, ndiye ndati ndilemberetu pagulupu pano zisanandituluke m'mutu. Chenji cha thiransipoti ndipereka kwa amayi Lachisanu pamodzi ndi malisiti.

Msonkhano unali wa magulu amene tili ndi intaneti m'maofesi mwathu, kunabwera a ku Lobi, a ku Linthipe, a ku Mayani, ngakhale a ku Lizulu analipo awiri. M'mawa wonse inali nkhani ya akuba a pafoni, imeneyo ndi yaitali ndidzaifotokoza pamaso. Pano ndiyankhe ija inatikanganitsa mwezi watha, yoti rauta, kabokosi kotipatsa wifi kaja, tizithimitsa usiku uliwonse kuti ipume monga amanenera alembi, kapena tiziisiya iziyaka monga ndimalimbikira ine. Ndinakweza mkono kawiri mpaka anandiloza.

Wophunzitsayo sanayankhe msanga, anatulutsa rauta yakufa m'chikwama nkuimasula patebulo tonse titaunjikana. Mkati mulibe zambiri ayi, kabolodi kobiriwira ndi tizinthu takuda tating'ono ngati nyemba, koma akuti kameneko ndi kakompyuta ndithu, kali ndi purosesa ndi memory yake, malo osungirako zimene ikugwira panthawiyo, kungoti ndi yochepa. Ikayaka masabata ambiri osapuma mapulogalamu ena amagwira memory osaibweza, ndiye imadzaza pang'onopang'ono ngati ngalande ya kudimba ikamatsekeka ndi zinyalala, madzi akuyenda koma movutikira. Ukaithimitsa nkuyatsanso zonsezo zimachoka, komanso ngati ili ya simu ngati yathuyi imafunafunanso thawala ya netiweki mwatsopano, ndipo zambiri zimasankhanso tchanelo cha wifi chimene chilibe phokoso. Apa alembi mwawina, kuthimitsa kumathandiza zoona.

Koma zoti tsiku lililonse ayi. Akuti rauta yabwinobwino imatha miyezi ikuyaka osadandaula, ndipo usiku sitopa ngati munthu. Uziithimitsa ikayamba kuvuta basi, kapena kamodzi pamwezi ngati mtima sukukhazikika. Ali mkati mofotokoza bambo wina wa ku Lobi anangoti kwathu kuno nanga tivutikiranji, si magetsi amatithimitsira okha, holo yonse kuseka mpaka wophunzitsayo kugwira tebulo. Ndipo anavomera kuti nzoona, zathuzi zimathima kale mopitirira muyezo, vuto lathu si kusowa kupuma koma mmene magetsi amabwerera, nthawi zina amabwera ndi mphamvu nkuwotcha adaputa kapena rauta yomwe, ija anaimasulayo akuti inafa choncho. Nthawi ya dzinja kuli ziphaliwali ndiye anati tizizula pa soketi osangodina switchi.

Kathimitsidwe kake nako kali ndi njira. Zulani chingwe cha moto, werengani mpaka 30 chifukwa mkatimo muli tina timasunga moto kwa kanthawi, kenako bwezerani mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu timagetsi tonse tiyake. Osati kuzula kubwezera kuzula kubwezera ngati achimwene ena aja amachitira akafuna kuonera mpira, sinditchula dzina.

Tsopano apa ndiulule. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kakang'ono kolembedwa reset, kolowa pini yokha. Mukukumbuka Malichi tsiku lija dzina la wifi linasintha lokha, pasiwedi nkukana aliyense, alembi nkumati mwina a netiweki atitsekera? Ndinali ine. Ndinatenga pini ya pa chitenje cha amayi a kunyumba nkubaya mmenemo kuganiza kuti ndiko kuidzutsa bwinobwino, kumene ndimafufuta zonse. Kabowo kaja kamabweza rauta mmene inachokera ku fakitale, dzina ndi pasiwedi zimabwerera zija zili pa sitika ya pansi pake. Mundikhululukire atcheya, ndakhala nazo miyezi itatu, lero wophunzitsa akufotokoza ndinangoyang'ana pansi.

Mayi wina wa ku Linthipe anafunsa ngati kuthimitsa kumachotsa ma vairasi. Yankho lake linandisangalatsa. Mu Meyi 2018 a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, anapempha anthu kuti athimitse ndi kuyatsanso marauta awo chifukwa cha vairasi yotchedwa VPNFilter imene inalowa m'marauta pafupifupi 500,000 m'maiko 54, koma ngakhale pamenepo kuthimitsako kumangochotsa mbali ina, muzu wake umatsala mkati. Chothandiza kwenikweni ndi kuika pulogalamu yatsopano ya mkati mwake, amati firmware, ndi kusintha pasiwedi ya admin, osati ya wifi ija timapatsana koma yolowera ku masetingi. Za Huawei zambiri umalemba 192.168.8.1 pa brawuza, zina ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pa sitika palembedwa. Yathu ndikukaika ngati inasinthidwapo, nanga si ndinaifufuta ndekha.

Chinanso chimene chinandigwira mtima, nthawi zambiri timanamizira rauta. Bandulo ikatha ngakhale uithimitse kakhumi palibe chichitike. Madzulo anthu onse akakhala pa Facebook ndi TikTok thawala imalemedwa, kaya ndi Airtel kaya TNM, ndiye kuno kwathu kuli mapiri netiweki imachita kuzemba. Ndipo taganizani pamene yathu imakhala, mu kabati yotseka, kuseri kwa matumba a feteleza ndi mbewu ya kachewere, pansi pa malata. Panopa kukuzizira siivutika, koma Okutobala mmenemo mumatentha ngati uvuni, ndipo kutentha ndi kumene kumaipangitsa kuti izingoima yokha. Anati ikhale pamwamba, poyera, pafupi ndi windo loyang'ana kumene kuli thawala.

Ndiye Lachisanu ndikupempha tikambirane zogula gadi ngati ija timaika pa firiji, yoti magetsi akabwera izidikira kaye isanapereke moto, mtengo ndikafunsa ku boma ndikapitanso Lachitatu. Nkhani yothimitsa usiku ine ndikuti tiisiye, koma alembi ngati mukuona kuti ana a pafupi aja amatha data usiku ndiye ndi nkhani ina, imeneyo mankhwala ake ndi kusintha pasiwedi. Amene muli ndi kiyi wa kabati mubwere naye, ine ndibwera ndi hamala ndi misomali tikhome kashelefu pa windo la kum'mawa lija.