Namondwe akafooka, madzi amakhala akadali m'njira

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mawu amene timamva pa wailesi nyengo ya mvula iliyonse, akuti "namondwe wafooka". Akatswiri a zanyengo akamatero amakhala akunena zoona, chifukwa mphamvu ya namondwe amaiyeza ndi liwiro la mphepo, ndipo mphepoyo imachepadi namondwe akachoka panyanja yofunda imene imamupatsa mphamvu n'kulowa kumtunda. Koma mlimi wa ku Makhanga akamva mawuwo amaganiza kuti ngozi yapita, n'kuyamba kulongedza kubwerera kudimba, pomwe chimene chimatipha ife kuno si mphepo ayi, ndi madzi.

Tikumbukire Malichi wa 2019. Namondwe Idai asanakule n'kukagumula mzinda wa Beira, anali atalowapo kale m'dziko la Mozambique ali wofooka, ngakhale dzina analibe, koma mvula imene anagwetsa masiku amenewo ndi yomwe inamiza midzi ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Mu Januwale 2022, namondwe Ana sanali wamphamvu kwenikweni, komabe madzi ake anaononga damu la Kapichira ndipo dziko linakhala m'mavuto a magetsi kwa nthawi yoposa chaka.

Za namondwe Freddy ndi zomwe zimandipweteka mtima kwambiri. Anafika kumtunda kufupi ndi mzinda wa Quelimane ku Mozambique pa 11 Malichi 2023, ndipo pamene phiri la Soche linagumukira anthu a ku Chilobwe pa 13 Malichi, mphepo yake inali itatsika kale. Namondwe wofooka amatha kuyenda pang'onopang'ono, nthawi zina amangozungulira malo amodzi, kukhuthula mvula pa nthaka yomwe yakhuta kale madzi mpaka mapiri opanda mitengo alephera kudzigwira. Makolo athu ankachidziwa chinthu chimenechi, anachitcha Napolo, ndipo a ku Phalombe sanaiwale zimene phiri la Michesi linawachita mu 1991.

Ife a m'chigwa cha Shire tilinso ndi vuto lathu lapadera. Mvula ikagwa ku Mulanje ndi Thyolo, madzi amatsika ndi mtsinje wa Ruo n'kukakumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo amatha kutipeza kumwamba kutayera, anthu atayanika kale zovala pabwalo.

Pempho langa kwa a nthambi ya zanyengo, a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndiponso inu atolankhani ndi lakuti mawu akuti "wafooka" asamatuluke okha. M'chiganizo chomwecho muzinena kuti mvula ipitirira masiku angati, mitsinje iti ikukwera, ndi midzi iti imene anthu ake asabwerere msanga. Uthengawo uzifikanso kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi, m'Chichewa, m'Chisena ndi m'Chilhomwe, ndipo misasa isamatsekedwe mpaka oyeza madzi atatsimikiza kuti Ruo ndi Shire atsikadi.

Wowerenga wanu,
Chikwawa